"Madamu, nanga inu munationapo?"

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wina wa kufupi ndi Katete. Akuti:

"Ndimaphunzitsa Giredi 6 pa sukulu ya m'mudzi. Temu ino tafika pa mutu wa tizilombo toyambitsa matenda. Nditafotokoza kuti tizilomboti sitioneka ndi maso, mnyamata wina anaimika dzanja n'kufunsa kuti, 'Madamu, nanga inu munationapo?' Ndinasowa chonena, chifukwa nanenso sindinasuzumirepo mu maikulosikopu. Pasukulu pathu palibe ngakhale magetsi. Vuto lina, mtsikana wina wasiya kumwa thobwa kwawo, akuti ine ndinanena kuti muli majeremusi, moti agogo ake anabwera kudzadandaula. Ndiwaphunzitse bwanji ana amenewa kuti amvetse, koma asamaope chilichonse?"

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo. Mnyamata ameneyo sanakuchititseni manyazi ayi, wakupatsani poyambira pabwino. Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri mu labotale ya chipatala kuno ku Chipata, tsiku ndi tsiku ndikuyeza magazi, makhololo ndi chimbudzi cha odwala, ndipo chipumireni pantchito ndimaitanidwa m'masukulu kukacheza ndi ana. Funso limenelo ndalimva kambirimbiri, ndipo amene amalifunsa ndi mwana amene mutu wake ukugwira ntchito. Muyankheni zoona: "Ayi, sindinatione, koma bwera tione zimene timachita." Mlimi akapeza kaufa pansi pa thumba la chimanga sadikira kuti aone nankafumbwe ndi maso ake, amadziwa kale kuti m'thumba mwalowa alendo. Akatswiri a sayansi nawonso zambiri za tinthu timeneti anazidziwa poona ntchito zake.

Ndiyambe ndi mawu akuti "tizilombo", chifukwa amatisokoneza. Mwana akamva mawu amenewa amaganiza za nyerere, nsabwe kapena nthata, kanthu ka miyendo ndi mano. Ndinapemphapo ana kuti ajambule kachilombo ka kolera, ndipo pafupifupi onse anajambula chinthu cha nyanga ndi maso ofiira. Komanso mawuwa amangonena zoipa. Ine ndikamacheza ndi ana ndimati "tizamoyo tosaoneka ndi maso", kenako ndimawauza kuti mwa tizamoyo timeneti, tochepa chabe ndi timene timadwalitsa, ndipo timeneto ndiye majeremusi. Tochuluka sitilabadira n'komwe za munthu, tili m'dothi ndi m'madzi kuwoletsa masamba ndi ndowe. Tina timatithandiza. M'matumbo mwa munthu aliyense wathanzi muli mabakiteriya ochuluka kwambiri kuposa anthu onse a padziko lapansi, ndipo amathandiza kugaya chakudya. Mtsikana wanu wa thobwa uja anamva mbali imodzi yokha ya nkhani.

Mnyamatayo muuzeninso kuti munthu woyamba kuona mabakiteriya sanali dokotala. Anali wogulitsa nsalu wa mumzinda wa Delft ku Netherlands, dzina lake Antonie van Leeuwenhoek. Ankapera yekha timagalasi tating'ono ngati njere ya mapira, ndipo tina tinkakulitsa chinthu maulendo oposa 200. Mu 1674 anayang'ana dontho la madzi a m'nyanja ina yaing'ono napeza tinthu tikusambira. Mu 1683 anapala zoyera za m'mano mwake n'kuziyang'ana, naona kuti nazonso zili ndi moyo. Ana amaseka kwambiri akamva zimenezi, ndipo mawa lake ena amabwera atatsuka m'kamwa. Koma chidwi chili apa: panadutsa zaka pafupifupi 200 anthu asanatsimikize kuti tinthu timeneti tingadwalitse munthu. Robert Koch wa ku Germany anasonyeza bakiteriya wa chifuwa chachikulu cha TB mu 1882. Ndiye ngati madokotala a ku Ulaya anatenga zaka zonsezo akukangana, mwana wa Giredi 6 akakayika kwa sabata imodzi sanalakwe.

Za kuchepa kwake, tengani rula. Ana ayang'ane kampata ka milimita imodzi. Mabakiteriya wamba atandandalika pamzere, pafupifupi 1,000 angakwane m'kampata kameneko. Mavairasi a chimfine angakwane pafupifupi 10,000, ndipo amenewo ngakhale maikulosikopu imene ndinkagwiritsa ntchito ine siwaonetsa. Choncho nanenso, ndi zaka zanga zonse za mu labotale, vairasi sindinamuonepo ndi diso langa. Mukafuna kuti amve mmene galasi limakulitsira zinthu, ikani kapulasitiki koonekera pamwamba pa nyuzipepala, dontheserani dontho limodzi la madzi, n'kukweza kapulasitikiko pang'ono. Zilembo zimakula. Mabakiteriya simungawaone mwanjira imeneyi, musawalonjeze, koma mfundo yake ayigwira.

Tsopano tibwere ku thobwa, pakuti apa ndi pamene pali phunziro lokoma kuposa onse, ndiponso pali agogo amene akhumudwa. Ine ndikanakhala inu, ndikanapita kwa agogowo, kupepesa kuti mwana anamva molakwika, n'kuwapempha kuti abwere m'kalasi adzafotokoze mmene amaphikira thobwa. Adzanena kuti amaphika phala, amalisiya kuti lipoleko, ndiyeno amathira chimera n'kuvundikira mpaka m'mawa. Inu muzingofunsa ana kuti "chifukwa chiyani?" pa sitepe iliyonse. Chifukwa chiyani chimera sachithira phala likubwadamuka pamoto? Chifukwa mphamvu ya m'chimera imene imasandutsa ufa kukhala shuga imawonongeka ndi kutentha kwambiri. N'chifukwa chake phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Nanga kuwawasa kwa mawa lake kumachokera kuti? Ndi mabakiteriya abwino amene adya shugayo n'kutulutsa asidi, a mtundu womwewo umene umasandutsa mkaka kukhala chambiko. Nanga thovu lija? Makamaka ndi yisiti, imene imadya shuga n'kutulutsa mpweya, ndipo ikasiyidwa masiku angapo imapanganso mowa, n'chifukwa chake thobwa logonera kwambiri limayamba kuluma. Agogowo amadziwa kuti mu Juni thobwa limachedwa kupsa ndipo mu Okutobala limafulumira. Sanawerenge buku, koma akhala akuweta tizamoyo kuyambira ali mtsikana, ndipo amadziwa kuti timakonda pofunda.

Mtsikanayo muuzeni kuti kuwawasa kwa thobwa kumalepheretsa majeremusi ambiri oipa kuswana. Ngozi ya thobwa nthawi zambiri imabwera pambuyo pake: kulisungunula ndi madzi osatetezedwa, kulithira m'botolo lotoledwa pamsewu losatsukidwa bwino, kapena kapu imodzi kuzungulira anthu khumi pamsika. Apo ndiye achenjere.

Ngati mungapeze kapaketi ka yisiti kamene amayi ogulitsa vitumbuwa amagula, pali chionetsero chimene sichinandigwiritsepo mwala. Mabotolo atatu apulasitiki ndi mabaluni atatu. M'botolo loyamba, madzi ofunda ngati osambitsira khanda, supuni ya shuga ndi theka la supuni ya yisiti. M'lachiwiri chimodzimodzi koma popanda shuga. Lachitatu, yisitiyo muyambe mwaithira madzi owira m'kapu, inu nokha osati ana, zikazizira n'kuthira m'botolo pamodzi ndi shuga. Vekani baluni pakamwa pa botolo lililonse, ikani pofunda, pitirizani masamu. Ola lisanathe baluni ya botolo loyamba imayamba kudzuka yokha, zinazo zili lende. Musafulumire kufotokoza. Afunseni anawo kuti waipopa ndani. Akakangana mokwanira adzafika okha pa mfundo zitatu: muli chamoyo, chamoyocho chimafuna chakudya, ndipo madzi owira amachipha. Mfundo yachitatuyo ndi imene mudzaikumbutse pophunzitsa za kuwiritsa madzi akumwa, ndipo simudzafunikanso kulalikira.

Kuno kummawa tili ndi mwayi wina umene ana a m'tauni ya Lusaka alibe, munda wa nsawawa uli kuseri kwa kalasi. Nyengo ya mvula, nsawawa zikayamba maluwa, pemphani mwini munda muzule phata limodzi mosamala, mutsuke mizu. Muona timatuza tambirimbiri pamizu. Ana ambiri, ngakhale akuluakulu ena, amayesa ndi matenda. Dulani kamodzi ndi lezala. Ngati mkati muli mofiirira, mabakiteriya otchedwa Rhizobium ali pantchito, akutenga nayitrojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Nayitrojeni ameneyu ndi yemweyo amene makolo awo amagula m'thumba la yureya. N'chifukwa chake alangizi amati tizisinthanitsa chimanga ndi nsawawa kapena soya, ndipo kaufa kakuda kaja alimi a soya amasakaniza ndi mbewu asanadzale, amati inokyulanti, ndi mabakiteriya amoyo a banja lomweli. N'chifukwa chakenso amati kasasiyidwe padzuwa. Mwana akapita kwawo n'kukafotokozera bambo ake zimenezi, ulemu wa sukulu yanu ukwera.

Kuswana kwa mabakiteriya ndi masamu okhaokha, ndipo mungaphe mbalame ziwiri ndi njere za chimanga. Bakiteriya sabala mwana, amangodzigawa pakati n'kukhala awiri. Mitundu ina, ikapeza chakudya, chinyontho ndi kufunda, imatero pa mphindi 20 zilizonse. Ikani njere imodzi patebulo, kenako ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu, 16, 32. Poyamba ana amaona ngati zachibwana. Pofika ulendo wa khumi zikufunika njere 1,024 ndipo mbale yadzaza, pamene pangodutsa maola atatu ndi mphindi 20. Lembani pabolodi kuti pakatha maola asanu ndi awiri, m'modzi uja wasanduka oposa 2 miliyoni. M'moyo weniweni sizithamanga choncho nthawi zonse, chakudya chimatha ndipo ena amafa, koma zimafotokoza bwino chifukwa chake nyemba zophikidwa m'mawa mu Okutobala zimafika madzulo zitasasa, ndi chifukwa chake ndiwo zogona ziyenera kubwadamukanso pamoto osati kungofunditsidwa. Zimafotokozanso nzeru ya mfutso ndi kapenta wouma. Chakudya chikauma, mabakiteriya amasowa madzi. Mchere wa pansomba umachitanso chimodzimodzi.

Za magulu a tizamoyo, musawadzaze ana ndi mayina achilendo. Chimene ndimafuna kuti mwana wa msinkhu umenewu atuluke nacho ndi chakuti tizamoyo n'tosiyana monga mmene nkhuku isiyanirana ndi mtengo wa mango, ndipo mankhwala a kena sagwira kena. Kolera, TB ndi taifodi ndi mabakiteriya. Chimfine, chikuku, chiwewe, poliyo ndi HIV ndi mavairasi, monganso chitopa chimene chimatha nkhuku m'mudzi. Vairasi payekha sadya ndipo saswana, amayenera kulowa m'selo ya chamoyo china, kamodzi mwa tizipinda ting'onoting'ono topanga thupi, n'kuigwiritsa ntchito. Chipere cha m'mutu ndi cha banja la bowa, pamodzi ndi yisiti ndi chuku cha pachakudya. Malungo ndi kena kosiyananso, kachamoyo ka selo imodzi kotchedwa Plasmodium, kamene kamalowa m'maselo ofiira a magazi. Udzudzu ndi wonyamula chabe, monga mmene Ronald Ross anasonyezera ku India mu 1897. Ndimanena izi chifukwa ana ambiri amafika m'kalasi akukhulupirira kuti malungo amabwera chifukwa chodya mango osapsa kapena kunyowa ndi mvula. N'zoona kuti zonsezi zimachitika nyengo imodzi, koma nyengo imeneyo ndi imenenso udzudzu umaswana m'zithaphwi.

Pano ndilankhule monga munthu wa chipatala. Chizolowezi chogula makapisozi awiri kapena atatu a amoxicillin pa kantemba mwana akangoyamba chimfine chikutiwonongera mankhwala. Makapisozi amenewo amapha mabakiteriya, vairasi wa chimfine samukhudza n'komwe. Ndipo kumwa pang'onopang'ono mosatsata malangizo kumapha mabakiteriya ofooka n'kusiya olimba, amene amaswana monga njere zija patebulo. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928 chuku chitagwera mwangozi m'kambale kake ka mabakiteriya ku London, anachenjeza za vuto lomweli mu 1945. M'zaka zanga zomaliza pantchito ndinkaona ndi maso anga m'timbale ta mu labotale mabakiteriya akumera mpaka kukhudza kapepala ka mankhwala amene kale ankawathawa. Mwana wa Giredi 6 ndi amene amatumidwa ku kantemba, ndiye si wamng'ono kumva zimenezi.

Aphunzitsi ambiri amakonda chionetsero cha buledi kapena nsima m'timapepala tapulasitiki: kena kogwiridwa ndi manja osasamba, kena ndi manja osamba, kena kosagwiridwa n'komwe. N'chabwino, koma ndikuuzeni mmene chinandichititsira manyazi pa sukulu ina. Tinaphika nsima, tinaika mitanda itatu m'mapepala, tinamanga n'kulemba. Patatha masiku asanu ndinabwerera ndili ndi phunziro langa lokonzeka m'mutu. Ndinapeza nsima ya "manja osamba" ili biriwiri ndi chuku, yachita madontho achikasu ndi akuda, kuposa ya manja osasamba. Ana anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kamtsikana kena kakumbuyo ndi kamene kanandipulumutsa. Kanati, "Agogo, pajatu tonse tinasamba m'beseni limodzi, ndipo amene anagwira nsima anasamba pomalizira." N'zoonadi, tinaika beseni limodzi monga timachitira pa nkhomaliro kunyumba, ana khumi n'kuviikamo manja, onse n'kupukutira kansalu kamodzi. Tsiku limenelo phunziro linasintha, tinakambirana za beseni lozungulira pa nsima, mmene limayambira kwa bambo n'kuthera kwa mwana wamng'ono, amene thupi lake ndi losalimba kuposa onse. Chiyambire pamenepo ndimaumirira kuti madzi azithiridwa ndi kapu kapena jagi, kapena kukhale kachigubu kopendeka ndi phazi kaja ena amati mpondagiya, ndipo manja aziuma okha ndi mphepo. Sopo akasowa, phulusa ndi labwino kuposa madzi okha. Choncho chionetsero chanu chikatuluka mosiyana ndi buku, musabise. Funsani ana kuti chachitika n'chiyani.

Pa chionetsero chimenechi pali malamulo amene sindinyengerera. Pepala likamangidwa lisamasulidwenso, ngakhale mwana atachonderera kuti angonunkhiza, chifukwa fumbi la chuku limatha kudzutsa chifuwa cha mphumu ndipo simudziwa chimene chamera. Musatenge zoyesera kuchimbudzi, pabala, m'mphuno kapena pa nyama yakufa. Mukamaliza, tayani mapepala ali omanga m'dzenje la chimbudzi kapena muwotche nokha ana atapita, kenako sambani m'manja. Sungani mapepalawo pamalo pamene ana a Giredi 1 ndi mbuzi sangafikire.

Chuku chimenecho chikutifikitsa pa nkhani imene imandidetsa nkhawa m'chigawo chathu cholima nsawawa kwambiri. Pali mtundu wa chuku wotchedwa Aspergillus flavus umene umamera pa nsawawa ndi chimanga zikakololedwa kapena kusungidwa ndi chinyontho. Umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Anadziwika pambuyo poti nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England mu 1960 zitadya chakudya chopangidwa ndi nsawawa zachuku. Kuno kwathu mukukumbukira kuti mu 2024 boma linachenjeza za poizoni yemweyu mu ufa wina wa chimanga agalu ambiri atafa. Chovuta chake n'chakuti kukazinga kapena kuphika sikuthetsa poizoniyu. Ndipo taonani zimene timachita: nsawawa zabwino timagulitsa, zofwapa ndi zowawa zija timasinja nsinjiro n'kuthira m'phala la mwana. Ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, zomwe zimangoitana chuku. Ana ndi amene amasenda ndi kusankha nsawawa pakhonde, ndiye aphunzitseni kutaya njere iliyonse yachuku, yofwapa kapena yowawa, osaiponya m'kamwa.

Za kolera ana anu sakufunika kuuzidwa zambiri kuti akhulupirire. Akukumbukira kuti mu Januwale 2024 masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale, ndipo bwalo la National Heroes Stadium ku Lusaka linasanduka chipatala. Chimene ayenera kumvetsa ndi njira imene kachilomboka kamayenda: kuchokera m'chimbudzi cha wodwala, kudzera m'madzi, m'manja, pa ntchentche ndi pa chakudya, kukafika m'kamwa mwa wina. Nkhani ya John Snow imawasangalatsa. Mu 1854 ku London, dokotala ameneyu analemba pamapu nyumba zimene munali maliro a kolera, naona kuti zambiri zazungulira mpope umodzi wa pa Broad Street, ndipo anapempha akuluakulu kuti achotse chogwirira cha mpopewo. Iyenso, monga inu, anali asanakaone kachilomboko. Ana anu angajambule mapu a mudzi wawo, kuika zitsime, mjigo, zimbudzi ndi makola, n'kuona okha kumene madzi a mvula amalowera. Muwakumbutse kuti madzi oyera mbee si umboni woti ndi abwino. Awiritsidwe, kapena athiridwe Clorin motsata muyeso wolembedwa pabotolo n'kudikira mphindi 30, ndipo potunga m'ndowa pasalowe zala.

Mwina tsiku lina mwana adzanena kuti kwawo akuti mng'ono wake anachita kulodzedwa. Musamuike mwana pakati pa inu ndi makolo ake, ndipo musaseke. Ine ndimangoti, "Zimene akulu akukambirana ndi za akulu, koma mwana amene akutsegula m'mimba amwe ORS, madzi aja a shuga ndi mchere, ndipo apite ku kiliniki lero." Ndaona ana ambiri akufika kuchipatala mochedwa chifukwa banja linayamba lazungulira kwina, ndipo sindinaonepo mkangano wa m'kalasi ukusintha zimenezo. Chimene ndaona chikuthandiza ndi mwana wodziwa kusakaniza ORS. Paketi imodzi m'madzi otetezedwa, motsata muyeso wolembedwa papaketipo. Paketi ikasowa, masupuni ang'onoang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi, kumwetsa pang'onopang'ono muli panjira.

Popeza inu ndi amene mumakhala ndi anawa tsiku lonse, dziwani zizindikiro zosafunika kudikira. Kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha ooneka ngati otsukira mpunga, maso kulowa mkati, kulephera kumwa kapena kusanza chilichonse, magazi m'chimbudzi, zonsezi ndi za ku kiliniki nthawi yomweyo. Kutentha thupi kulikonse kuno kwathu kumafunika kuyezetsa malungo tsiku lomwelo, osangomwa Panadol n'kugona. Chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka mwana akamaonda ndi kutuluka thukuta usiku, akayezetse TB. Galu akaluma mwana, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala ngakhale bala lili laling'ono, chifukwa chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichiritsika. Ndipo ana angapo a m'kalasi imodzi akadwala mofanana m'masiku ochepa, uzani ahedi adziwitse a zaumoyo.

Mtsikana wa thobwa uja muzimuyang'anitsitsa. Ana ambiri amachita mantha sabata imodzi kapena awiri, n'kuiwala akaona baluni ikudzuka ndi agogo awo ataima kutsogolo kwa kalasi. Muwaonetsenso kuti thupi lili ndi asilikali ake: khungu, misozi, asidi wa m'mimba, maselo oyera a magazi. Aliyense ayang'ane kachipsera ka katemera wa BCG pamkono pake, muwauze kuti pamenepo ndi pamene thupi linaphunzitsidwa kuzindikira mdani ali khanda. Koma mukaona kuti patha mwezi mwanayo akukanabe zakudya, akuonda, kapena akusamba m'manja mpaka khungu kung'ambika, khalani pansi ndi makolo ake ndipo apite naye ku kiliniki. Mantha otere amathandizika akagwiridwa msanga.

Za maikulosikopu musataye mtima. Masukulu ambiri a sekondale ali nawo, ndipo ena akungochita fumbi m'kabati. Pali ena a kagalasi koonetsa kuwala kwa dzuwa, osafuna magetsi. Pemphani ahedi alembe kalata ku sekondale yapafupi, kapena mufunse ku resource centre ya zoni yanu. Mungapemphenso wa zaumoyo wa pa kiliniki yanu kuti abwere tsiku lina, ambiri amakondwa akaitanidwa. Mukaipeza, musayambe ndi kufuna mabakiteriya, chifukwa amafuna utoto wapadera ndi galasi lamphamvu, ndipo ana adzangoona timadontho n'kukhumudwa. Tungani madzi obiriwira a m'chithaphwi cha kudambo, muikemo udzu wouma pang'ono, adikire masiku atatu kapena anayi m'botolo losatseka. Dontho limodzi pagalasi, yambani ndi diso laling'ono la makinawo, tembenuzani pang'onopang'ono. Poyamba simuona kanthu koma thovu ndi nsidze zanu zomwe, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako kanthu kooneka ngati phazi la patapata kadzadutsa liwiro, kakuzungulira, n'kubwereranso. Yambani mwayang'ana inu nokha dzulo lake kuti dzanja lizolowere, ndipo m'mawa mwake woyamba pamzere akhale mnyamata uja. Ana akamaliza onse asambe m'manja, madziwo mukataye kutali ndi chitsime.